Make Robert: Mbiri ya Mary Livingstone

Mvula imene imagwa pa mapiri a ku Thambani, m'boma la Mwanza, imagawikana pawiri. Ina imatsetserekera kuvuma, m'timitsinje timene timakathira mu Shire. Ina imatsikira kuzambwe, m'dziko la Mozambique. Koma madzi onsewa, ngakhale asiyane njira chotere, amakakumananso mu Zambezi, ndipo asanafike ku nyanja yamchere amadutsa pamalo otchedwa Shupanga, amene masiku ano amalembedwa Chupanga. Pamenepo pali manda a mayi wina. Mwana wasukulu aliyense m'Malawi muno amadziwa dzina la mwamuna wake, koma ndi owerengeka okha amene angafotokoze za mwini mandawo. Mayiyu ndi Mary Livingstone, mkazi wa Dr. David Livingstone. Adamwalira pa 27 Epulo 1862 ali ndi zaka 41, ali paulendo wobwera kuno, ndipo dziko la Malawi sadalipondemo.

Mabuku a mbiri a m'sukulu amanena zambiri za mwamunayo: mitsinje imene adaoloka, mafumu amene adacheza nawo, ndi kulimbana kwake ndi malonda a akapolo. Za mkaziyo amangoti adadwala malungo namwalira. Chikhalirecho mayiyu adabadwira ndi kukulira mu Africa momwemuno, ndipo adayamba moyo wapaulendo mwamuna wakeyo asanalote n'komwe zoponda dothi la kuno.

Mary adabadwa pa 12 Epulo 1821 ku Griquatown, m'dziko limene lero ndi South Africa. Adali mwana wachisamba wa a Robert Moffat ndi akazi awo a Mary, amishonale a bungwe la London Missionary Society. Adakulira ku Kuruman, pamishoni imene bambo ake adamanga m'mphepete mwa chipululu cha Kalahari, pakati pa Atswana. Bambo akewo ndiwo adamasulira Baibulo m'Chitswana, ntchito imene idawadyera zaka zambiri. Koma mwanayo chiyankhulocho adangochitola pabwalo posewera ndi anzake. Asanakwanitse zaka 10 adamutumiza kusukulu ku Salem, pafupi ndi Grahamstown, ulendo wa masabata angapo. Kenaka adakaphunzira ku Cape Town, ndipo mu 1839 adaoloka nyanja ndi makolo ake kupita ku Britain. Adabwerera ku Kuruman mu 1843 nayamba kuphunzitsa ana aang'ono. Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Maulendo onse a pamtundawa ankayenda pangolo. Awerengi asaganize za kangolo ka mawilo awiri kotutira chimanga kumunda. Iyi idali ngolo yaitali ya mawilo anayi, yofoleredwa ndi chinsalu chokhuthala, yokokedwa ndi ng'ombe 10 kapena kuposerapo. M'katimo ndimo mudali chipinda chogona, nkhokwe ndi chikuta. Liwiro lake silinkaposa la munthu woyenda pansi, ndipo mumchenga linkachepa kuposa apo. Ng'ombe zikasowa madzi kapena zikalumidwa ndi kashembe, ulendo unkathera pomwepo. Mary adadziwa ngolo yotereyi monga mwana wa kunyanja adziwira bwato.

David Livingstone adafika ku Kuruman mu 1841, banja la a Moffat likadali ku Britain. Mu Febuluwale 1844 mkango udamugwira ku Mabotsa, kumene ankatsegula mishoni yatsopano, nuphwanya fupa la mkono wake wamanzere. Akadafa akadapanda mphunzitsi wa Chitswana, Mebalwe, amene adaukopa mkangowo nuluma iye. Wovulalayo adakakhala ku Kuruman podikira kuti mkono upole, ndipo kumeneko ndiko adafunsira Mary pansi pa mtengo wa zipatso m'munda wa mishoni. Pouza mnzake wina m'kalata, sadakometsere kanthu: adangomufotokoza ngati mtsikana wamfupi, wojintcha, watsitsi lakuda, wodziwa ntchito ndi wosakonda zamaloto. Adakwatirana mu Januwale 1845.

M'zaka zitatu zoyamba adasamuka kawiri. Ku Mabotsa adachokako chifukwa David adayambana ndi mmishonale mnzake, Roger Edwards. Adapita ku Chonuane, kwa Sechele, mfumu ya Abakwena, koma kumeneko madzi adaphwa. Mu 1847 mfumuyo ndi anthu ake onse adasamukira ku mtsinje wa Kolobeng, kufupi ndi kumene kuli mzinda wa Gaborone lero, ndipo banjalo lidatsatira. Malipiro a mmishonale wapabanja adali mapaundi 100 pachaka, ndipo sitolo idali kutali mamailosi mazanamazana. Tsono chilichonse chinkatuluka m'manja mwa Mary. Ankapera ufa, ankaphika buledi mu uvuni wokumba m'chulu, ankapanga makandulo ndi mafuta a nyama, ndi sopo wa phulusa la zitsamba. Akatha izi ankapita kukaphunzitsa ana, ndiponso kuphunzitsa atsikana kusoka. Chilala chitakula ana ake ankadya dzombe, mphalabungu ndi achule aakulu a m'chipululu, monga ana ena onse a m'mudzimo. Nyumba ya pa Kolobeng ndiyo yokhayo imene adaitcha yake ndi mtima wonse, ndipo sadakhalemo zaka zoposa 4.

Mwana wawo woyamba, Robert, adabadwa mu 1846. Atswana ali ndi mwambo wofanana ndi wa kuno, wotchula mayi ndi dzina la mwana wake wachisamba. Motero kuyambira pamenepo Mary adasanduka Ma-Robert, kapena kuti Make Robert. Agnes adabadwa mu 1847, Thomas mu 1849. Mafumu a kumeneko ankamulemekeza Make Robert pa chifukwa chinanso: adali mwana wa a Moffat, amene dzina lawo lidamveka kutali. Mkamwini wachilendo uja zitseko zambiri zidamutsekukira chifukwa cha banja limene adakwatiramo.

Chilala cha pa Kolobeng chidapitirira chaka ndi chaka, mtsinje nuuma. Nawo Mabunu a ku Transvaal ankaopseza Sechele. David adayamba kuyang'ana kumpoto, kufuna dziko la madzi kumene akadamanga mishoni ina. Mu 1849 adadutsa Kalahari ndi mnzake wachuma, mlenje William Cotton Oswell, nakafika pa nyanja ya Ngami pa 1 Ogasiti. Ulendo umenewo Mary adatsala yekha ndi ana. Chaka chotsatira sadatsale. Mu Epulo 1850 adakwera ngolo ali ndi ana atatu, wamkulu wa zaka 4, iye mwini ali ndi pakati. Adadutsa mchenga wonsewo nakafika ku Ngami, ana nasewera m'madzi a nyanjayo. Posakhalitsa awiri mwa anawo adagwidwa ndi malungo, ndipo panalibe kuchitira mwina koma kubwerera. Adafika pa Kolobeng atafooka ndi njala, kutangotsala masiku owerengeka kuti mayiyo achire.

Khandalo, Elizabeth, lidabadwa mu Ogasiti 1850. Lidakhala masabata 6 okha, lidatenga nthenda ya chifuwa imene idabuka m'mudzimo, nilimwalira. Nayenso Mary mbali imodzi ya nkhope yake idafa, pakamwa nipakhota. Mayi ake adachita kubwera kuchokera ku Kuruman kudzamutenga kuti akamudwazike. Atamva kuti mkamwini wawo akukonzanso ulendo wina womwewo, Mary alinso ndi pakati, gogoyo adalemba kalata yaukali. Adamufunsa ngati kutaya mwana mmodzi kudali kosakwanira, namuuza mosapsatira kuti dziko lonse lidzamuona ngati munthu wankhanza. David sadasinthe maganizo. Mu Epulo 1851 ngolo zidanyamukanso.

Ulendo wachiwiriwu ndiwo udatsala pang'ono kuwapha onse. Oswell ankatsogola kukumba zitsime, ndipo poyamba zinthu zidayenda bwino. Atadutsa zigwa zamchere za Ntwetwe adalowa m'dziko louma kotheratu. Namulondola wawo, Shobo, wa mtundu wa San, adasokonezeka njira, kenaka adawathawa. Madzi amene adali m'ngolo wantchito wina adawataya mosasamala, nkungotsala ochepa a ana okha. Mwana sadziwa kuti madzi atha. Akamachepa ndi pamene amawalirira kwambiri. Usiku wonse ankalira ludzu, mayi wawo akumva. Madzi adapezeka madzulo a tsiku lachisanu. Pambuyo pake David adalemba kuti mkazi wake sadatulutse liwu ngakhale limodzi lomudzudzula, ngakhale misozi inkaoneka m'maso mwake, ndipo kuti kwa iye kukadakhala kopepukirapo akadamukalipira.

Mu Juni adafika ku mtsinje wa Chobe, kwa Sebetwane, mfumu yotchuka ya Amakololo, mtundu womwewo umene ena mwa anthu ake adadzakhala mafumu ku Chikwawa. Mfumuyo idakondwera kwambiri kuona kuti mlendoyo wabwera ndi mkazi ndi ana, pakuti munthu wankhondo sayenda ndi makanda. Koma patangotha masabata ochepa Sebetwane adadwala chibayo namwalira mu Julayi. Mawu ake otsiriza amene David adamva adali olamula kuti kamnyamata Robert akapatsidwe mkaka. David ndi Oswell adakwera akavalo kupita ku Sesheke, kumene adaona Zambezi, Mary atamusiya pamsasa pakati pa udzudzu. Malo abwino omangapo mishoni sadapezeke. Pobwerera, pa 15 Sepitembala 1851, Mary adachira mwana wamwamuna m'mbali mwa mtsinje wa Zouga, umene lero umatchedwa Boteti. Adamutcha William Oswell, koma pakhomo ankangoti Zouga. Kufa kwa ziwalo kuja kudabwereranso.

Olemba mbiri ambiri amati iye ndiye mkazi woyamba wa Chizungu kudutsa Kalahari. Ulemu wotere ndi wosavuta kupereka munthu atafa kale. Funso lovuta ndi lakuti adapitiranji. Ena amati mwamuna wake adamukakamiza, ndipo n'zoona kuti David adali munthu wosamva za mnzake akatsimikiza chinthu. Mlandu woika ana pangozi kawiri konse sangauzembe. Komabe Mary sadali nkhuku yonyamulidwa m'dengu. Adalawapo kutsala yekha pa Kolobeng miyezi yathunthu, osamva kanthu, Mabunu ali pafupi. Ludzu la m'chipululu ankalidziwa kuyambira ubwana, ndipo ankadziwa polimbana nalo. Zimene zidachitika pambuyo pake zikuonetsa kuti chimene ankachiopa kwambiri ndicho kusiyidwa.

Ndipo kusiyidwako kudafika. David adaganiza zofufuza njira yochokera kwa Amakololo kukafika kunyanja yamchere, ulendo wosatheka ndi ana. Banja lonse lidayenda pangolo mpaka ku Cape Town, kumene lidafika mu Malichi 1852 litavala nsanza. Oswell ndiye adapereka ndalama zogulira zovala. Pa 23 Epulo 1852 Mary ndi ana anayi adakwera sitima yopita ku Britain. Mwamuna wake adamulonjeza kuti adzaonana pakatha zaka ziwiri. Mu Ogasiti chaka chomwecho Mabunu adathira nkhondo Sechele, nafunkha nyumba ya pa Kolobeng, kung'amba mabuku ndi kuswa mabotolo a mankhwala. Kwawo kwa Mary kudatha motero.

Ku Scotland adafikira kwa apongozi ake m'tauni ya Hamilton, pafupi ndi mudzi wa Blantyre kumene David adabadwira. Chitengwa n'chovuta ngakhale mwamuna alipo. Nanga chitengwa chopanda mwamuna, m'kanyumba kopanikiza, ndi ana anayi ozolowera kuthamanga pamchenga? Apongoziwo adali anthu osauka, opemphera kwambiri ndi osamala khobidi lililonse. Mary ankadziwa kupanga sopo ndi kumanga ng'ombe pagoli, koma kugula zinthu pamsika ndi kulipira lendi sadazolowere. Sadamvane. Patapita miyezi ingapo adatenga ana nachoka, osanena kumene akupita, kotero kuti apongozi aamuna adachita kulembera ku likulu la mishoni ku London kufunsa kumene kudali zidzukulu zawo.

Zaka zotsatirazo adakhala woyendayenda wa mtundu wina. Adakhala ku Hackney, ku Manchester, ku Kendal, ku Epsom, m'zipinda za lendi yotsika, akuthawa kuzizira ndi ngongole. Makalata ake opita kwa mlembi wa mishoni, Arthur Tidman, adasungidwa mpaka lero, ndipo ambiri ndi opempha kuti amupatsireko ndalama za mtsogolo. Adadwala kwambiri, ndipo amene adamutola namudwazika ndi banja la a Braithwaite ku Kendal, abwenzi a makolo ake. Nthawi zina chaka chinkatha osalandira kalata ya mwamuna wake, mphekesera zili ponseponse zoti adafa. M'zaka zimenezi ndimo adayamba kumwa mowa kuti apeze tulo, ndipo chikhulupiriro chimene adakulira nacho chidayamba kugwedezeka. Mayi amene sadadandaule masiku asanu opanda madzi adathyokera m'dziko la mvula yosalekeza.

Amayi achikulire a ku Mwanza, ku Neno ndi ku Ntcheu sangavutike kumvetsa zimenezi. Ambiri a iwo adaperekezapo amuna awo opita ku migodi ya ku Joni kapena ku mafamu a ku Rhodesia, atalonjezedwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Ena adabwerera ndi njinga ndi bulangete. Ena adasanduka matchona. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi wa kumudzi ankadikira ali pamunda pake, pakati pa abale ake. Mary ankadikira kuchilendo.

Nthawi yonseyi David ankapanga mbiri. Adafika ku Luanda, kugombe la kuzambwe, mu Meyi 1854 ali wodwala zedi. Kumeneko adamupatsa malo m'sitima yopita ku England, koma adakana, chifukwa adalonjeza Amakololo amene adamuperekeza kuti adzawabwezera kwawo. Mchitidwe umenewu umatamandidwa, ndipo ndi woyeneradi kutamandidwa. Koma pa nthawiyo zaka ziwiri zimene adalonjeza mkazi wake zidali zitakwana kale. Adabwerera kummawa, naona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu Novembala 1855, nafika ku Tete mu Malichi 1856 ndi ku Quelimane mu Meyi. Adaonana ndi Mary mu Disembala 1856, patatha zaka 4 ndi miyezi 8.

Chaka cha 1857 chidali cha mtendere. Buku la David la Missionary Travels lidagulidwa kwambiri, umphawi nutha. Pamisonkhano yaikulu ya ku London akuluakulu ankaimirira kutamanda mkazi wopirira, iye atakhala phee, nkhope yake yokhota pang'ono. Chimene adatsimikiza mumtima n'chakuti sadzatsalanso. Boma la Britain litasankha David kutsogolera ulendo wofufuza mtsinje wa Zambezi, Mary adakonzeka kupita nawo, ndipo mwamuna wake adauza anthu poyera kuti adzathandiza kwambiri chifukwa chodziwa ziyankhulo ndi ntchito za pamsasa. Adanyamuka pa 10 Malichi 1858 pa sitima ya Pearl, atatenga Zouga yekha. Ali panyanja zidadziwika kuti ali ndi pakati. Adamutsitsa ku Cape Town, kumene adakumana ndi makolo ake, nakweranso ngolo kupita ku Kuruman. Anna Mary adabadwa kumeneko mu Novembala 1858. Bambo wa mwanayo adamva za kubadwa kwake patatha pafupifupi chaka chathunthu.

Pa sitima ya Pearl padali kasitima kena kachitsulo, konyamulidwa m'zigawo zitatu, koti kakayende m'mitsinje. Adakatcha Ma-Robert. Chiyembekezo cha David chidali choti Zambezi adzakhale msewu wolowera pakati pa Africa, koma mathithi a Kebrabasa, kumtunda kwa Tete, pamene lero pali damu la Cahora Bassa, adamutsekera njira. Ndiye adatembenukira ku Shire. Mu Januwale 1859 Ma-Robert idakwera mtsinjewo mpaka pa mathithi a Kapichira, ndipo idali sitima yoyamba yoyendera moto imene Amang'anja a m'chigwacho adaiona. Idabweranso nikocheza pamudzi wa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa, ndipo kuchokera m'chigwamo David adayenda pansi kukaona nyanja ya Chilwa mu Epulo ndi nyanja ya Malawi mu Sepitembala 1859. Sitimayo idali yosalongosoka. Inkadya nkhuni zosaneneka, inkadontha, ndipo inkapuma mwabefu kotero kuti adaipatsa dzina lachipongwe lotanthauza wodwala mphumu. Idamira mu Zambezi mu Disembala 1860. Komabe ndi pa chitsulo chimenecho pamene dzina la Make Robert lidalowera m'dziko muno, mwini wake ali kutali.

Kuchokera ku Kuruman Mary adabwerera ku Scotland ndi khanda, kukaona ana atatu amene adawasiya pasukulu. Tsopano ndalama zidalipo, koma kusungulumwa kudali komwe kuja, ndipo Robert, amene adakula wosaona bambo, adayamba kuvuta. Mapanga awiri avumbwitsa: ana adali ku Scotland, mwamuna ku Zambezi. Mu Julayi 1861 adasankha. Adasiya ana onse asanu, Anna Mary asanakwanitse zaka 3, nakwera sitima. Kamtsikanako kadaleredwa ndi azakhali ake ku Hamilton, ndipo sikadawaonenso mayi ake.

Paulendowu adatsagana ndi m'busa wachinyamata wa mpingo wa Free Church of Scotland, James Stewart, amene ankabwera kudzaona ngati kuno kungamangidwe mishoni. Anthu a pakamwa ku Cape Town adayamba kuwanena awiriwa, miseche imene olemba mbiri saiwerengera, koma imene idamupweteka Mary kwambiri. Ku Durban adakwera chombo chotchedwa Hetty Ellen, chimene chidanyamula zigawo za sitima yatsopano, Lady Nyassa. Sitimayi David adalipira ndi ndalama za buku lake, kuti ikayende pa nyanja ya Malawi ndi kutsekereza malonda a akapolo. M'chombomo mudalinso amayi ena: Anne Mackenzie, mlongo wake wa Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA ku Magomero, ndi mkazi wachitsikana wa m'busa Henry Burrup. Onsewa ankatsata amuna a m'banja mwawo.

Adafika pa matsiriro a Zambezi kumapeto kwa Januwale 1862, ndipo Mary adaonana ndi mwamuna wake patatha zaka zitatu ndi miyezi 9. Palibe amene ankadziwa kuti pa 31 Januwale pomwepo Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo pa kachilumba ka pamene Ruo amathira mu Shire, ku Chiromo, kumene adabwera kudzachingamira mlongo wake. Burrup naye adamwalira masabata atatu pambuyo pake ku Magomero. Amayi awiri aja adakwera Shire pa bwato mpaka kwa Chibisa, namva uthengawo kumeneko, nabwerera ali ofedwa.

Sitima ya David ya pa nthawiyo, Pioneer, idalemedwa ndi zitsulo za Lady Nyassa nimangotitimira mumchenga. Pomaliza adagwirizana zotsitsa katunduyo pa Shupanga ndi kulumikiza sitimayo pomwepo. Motero gulu lonse lidakhala m'chigwa cha Zambezi kuyambira Febuluwale mpaka Epulo, nyengo ya chinyezi ndi udzudzu, imene malungo amakhala pachimake. Pa nthawiyo anthu sankadziwa kuti udzudzu ndiwo umafalitsa nthendayi. Ankaganiza kuti ndi mpweya woipa wa m'madambo. Kwinini ankamudziwa, ndipo David ankakhulupirira kuti ulesi ndi kukhala pamodzimodzi ndizo zimaitana malungo. Koma ulendo uno iye mwini ndiye adakhazika anthu pamodzimodzi.

Ngakhale zidali choncho, masabata amenewo adali okoma kwa awiriwa. Pamaso pa anthu ankaoneka okhwima nkhope, koma paokha ankaseka ndi kuchitana nthabwala ngati ana. Tsiku lina David adanena kuti akalamba tsopano, ayenera kuchepetsa masewera. Mary adakana, namuuza kuti apitirize kusewera monga kale, chifukwa iye sankafuna mwamuna wokwinya nkhope ngati ena amene adawaonapo.

Adayamba kudwala kwambiri pa 21 Epulo. Ankasanza kosalekeza, kotero kuti kwinini sankakhazikika m'mimba. Adamuchotsa m'sitima nakamugoneka m'nyumba yamiyala ya Apwitikizi pamtunda, pa bedi la mabokosi oyalapo matiresi. Madotolo awiri, mwamuna wake ndi John Kirk, amene mapiri a Kirk Range kumpoto kwa Mwanza adatchedwa dzina lake, adayesa zonse zimene ankadziwa. Lamulungu pa 27 Epulo, dzuwa likulowa, adatsirizika, David akulira ngati mwana pambali pake. Usiku womwewo mmisiri wa injini, George Rae, adakhoma bokosi. M'mawa mwake adamuika pansi pa mlambe waukulu, Stewart akutsogolera mapemphero. Adakhala pabanja zaka 17, ndipo zoposa 8 mwa zimenezo adakhala motalikirana. M'buku lake la tsiku ndi tsiku David adalemba kuti kwa nthawi yoyamba m'moyo wake adaona kuti akhoza kulolera kufa, ndipo adakumbukira mmene awiriwo ankalakalakira khomo labata chichokereni pa Kolobeng.

Lady Nyassa nayo sidafike pa nyanja imene adaipangira. Mu 1863 ali m'kati mokonza msewu woilambalalitsira mathithi a Shire, boma la Britain lidaitanitsa gulu lonse kuti libwerere, ndipo mu 1864 David mwini adaiyendetsa kuoloka nyanja ya India mpaka ku Bombay. Chaka chomwecho adaona Anna Mary kwa nthawi yoyamba, mwanayo ali ndi zaka 5. Robert, mwini dzina lija, adayenda kufunafuna bambo wake mpaka ku Natal, nakathera ku America, kumene adalowa usilikali pa nkhondo yapachiweniweni ndi dzina lobwereka la Rupert Vincent. Adafera m'ndende ya adani mu Disembala 1864 ali ndi zaka 18.

Mwa ana onse, amene mbiri yake idadzakhudza Malawi ndi Agnes, yemwe uja adasewera m'madzi a Ngami. Adakwatiwa ndi Alexander Low Bruce, wamalonda wa ku Edinburgh, amene adagula malo aakulu ku Magomero. Mwana wawo, Alexander Livingstone Bruce, ndiye adadzayendetsa esitetiyo, imene idatchuka ndi nkhanza za thangata. Kumeneko ndiko anthu a John Chilembwe adalunjika usiku wa pa 23 Januwale 1915, napha woyang'anira wake, William Jervis Livingstone. Mdzukulu wa mayi amene ankaphunzitsa ana a Abakwena m'chiyankhulo chawo sankalola sukulu ndi matchalitchi a Chilembwe pa malo akewo.

David adamwalira kwa Chitambo, m'dziko la Zambia, mu Meyi 1873. Susi, Chuma ndi anzawo adakwirira mtima wake pansi pa mtengo, nanyamula mtembo miyezi 9 mpaka ku Bagamoyo. M'gulu limenelo mudalinso amayi, monga Halima amene ankamuphikira, oyenda mtunda wonsewo wapansi. Mtembowo udaikidwa ku Westminster Abbey ku London pa 18 Epulo 1874, pakati pa mafumu, ndipo Stewart yemwe uja, atachoka pamaliropo, ndiye adayambitsa maganizo omanga mishoni ya Livingstonia. Mary sadasunthidwe. Mlambe uja udagwa kalekale, pamalopo padamangidwa mishoni ya Akatolika, ndipo manda ake ali pakati pa manda ena m'boma la Marromeu, kufupi ndi gombe la Zambezi.